Paipi ya Pakhwawa Sindinaswe Ndine

Tsiku limenelo pakhwawa panali awa, ndipo ndiwatchula mmodzimmodzi kuti wina asadzakane. Panali mlamu wanga Binali, mlongo wake wa mkazi wanga, wosema mabwato uja. Panali mkazi wanga Mwanaisha, atavala nsalu ya chipani imene anapatsidwa dzulo lake, yonunkha sitolo. Panali Shehe Twaibu, amene anaitanidwa kudzachita duwa, pemphero lathu la Chisilamu, kuti madzi ayende bwino. Panali bwana wofuna uphungu, dzina lake sindilemba, lingandidetsere pepala. Panali anyamata ake a malaya olembalemba pachifuwa, ndi amayi oimba amene anabwera nawo pa lole. Panali mwana wanga Amidu, wapampando wa komiti ya madzi. Ndiye panali ine, nyundo yanga ili m'thumba la jekete.

Onsewa, kupatula Shehe amene salowa za eni, akuti paipi ndinaswa ndine. Pamsika wa nsomba amandiloza ndi milomo. Akuti ndinatumidwa ndi chipani china. Ine? Chipani chinandipatsapo chiyani, ngakhale mchere wa m'dzanja? Pakamwa pa anthu sindipawerengera, pamatopa pokha. Chimene chinandidyetsa mutu ndi mwana wanga. Amidu ndinali nditamutaya kale theka, ndipo tsiku limenelo ndinaona ngati ndamutaya yense. Ndiye ndati ndilembe, ngakhale cholembera chimandilemera kuposa sipanala, kuti mudziwe kumene ndinachidziwira chitsulo. Sindinachidziwire padoko pa Chia pano ayi.

Ndinapita ku Joni Amidu ali kumsana. Masiku amenewo mwamuna amene sanalowe mumgodi ankasekedwa ndi akazi pachitsime, ndiye nanenso ndinadinda chala. Kumsasa wa olemba anthu ntchito anativula tonse, mbulanda, n'kumatikweza pasikelo ngati matumba a mpunga. Dokotala ankakukanula kukamwa ngati akugula mbuzi. Pambali panga panaima munthu wa msinkhu wa bambo anga, nayenso ali maliseche, tonse maso kudenga ngati kuli cholembedwa. Nyansi zinayambira pomwepo, ndipo sizinathe. Anatikweza ndege, ena anasanza, ena anakuwa kuitana amayi awo. Ine sindinakuwe. Kenako sitima, kuzizira kolowa m'mafupa, mpaka pachipata cha komboni.

Komboni imene anyamata amaisirira akamva nkhani zathu! Mabedi a simenti osanjikizana ngati mashelefu a m'golosale. Nsikidzi zonenepa kuposa eni ake magazi. Zimbudzi zopanda zitseko, mzere wautali, iwe uli apa mnzako ali apo, mukumvana zonse. Chakudya ankachota ndi fosholo, fosholo yeniyeni. Nyama sitinkadziwa kuti wazinga ndani, ndiye ife Asilamu tinkakhalira nyemba mpaka mimba kuiwala kuti kunja kuno kuli chambo. Dzina langa anandilanda n'kundimanga nambala padzanja. Asanakulole kutsika pansi ankakutsekera m'chipinda chotentha ngati uvuni, uzikwera ndi kutsika pa kabenchi uli ndi kabudula yekha, kuti aone ngati ungakomoke. Wokomoka ankamuthira madzi n'kumubweza pamzere.

Pamwamba pa bedi langa pankagona Longwe, Mtonga wa ku Dwambazi. Munthu wotchena ameneyo! Lamulungu lililonse ankavala suti, kupukuta nsapato, n'kumangozungulira nayo m'komboni, popeza kopita kunalibe. Ine ankanditcha wa m'matope.

"Iwe wa m'matope," amatero atalendewetsa mutu, "kwanu ku Chia nsomba mumagwira ndi manja m'thope, ndiye ukuti ndiwe msodzi?"

"Nanga iwe suti yakoyo ukufuna kukopa nayo nsikidzi?"

Ndi iyeyo anandiphunzitsa zilembo zimene ndikulembazi, pa mapepala a matumba a simenti. Ndikalakwa ankandigogoda pamutu ndi pensulo, munthu wamkulu ngati ine, ndipo ndinkamulola. Wina aliyense akanaona mbama.

Tonse awiri anatiika m'gulu la mapaipi. Musaganize kuti mgodi ndi wa okumba okha. Pansi paja popanda madzi ndi mpweya wa m'mapaipi, makina sangalire, fumbi lingaphe anthu tsiku limodzi. Mapaipi ake aakulu ngati thunthu la mbawa, opachikidwa kudenga la mwala ndi matcheni, ndipo madzi ake amatsika kuchokera kumwamba kwenikweni, ali ndi ukali woti akakupeza amakusenda khungu. Kapitao wathu anali Mshangani wachikulire, tonse tinkangoti Madala. Sankalankhula zambiri. Ankayenda ndi kanyundo, n'kumagogoda paipi, khutu lili tcheru. Paipi yabwino imalira ngati belu la kusukulu, ngweee, mawu kupita kutali. Yong'aluka imayankha ngati mphika wosweka, pha, basi yatha. Akakayika malo, ankapakapo palafini, kupukuta, n'kuwaza choko chopera. Pakapita kanthawi mzere wakuda unkatuluka pachokopo, wowonda ngati tsitsi. Umenewo ndiye mng'alu, ndipo diso lokha silikanauona.

Tsiku lina Lamulungu anatiitana ine ndi Longwe, ali ndi nzimbe m'manja. Anaicheka pang'ono ndi mpeni, kachilonda kakang'ono. Anaipinda, kachilondako kali mkati mwa kupindako. Kanatseka pakamwa, nzimbe ili gwa. Anaitembenuza, kachilonda kali kunja, n'kupinda pang'ono chabe. Thyo!

"Mwaona?" anatero m'chilankhulo chimene tinkamvana nacho mumgodi. "Paipi ndi chimodzimodzi. Tafunani nzimbeyi, muzikumbukira."

Ndipo ndinakumbukira. Imvani, poti nkhani yonse yagona apa. Paipi ikagwiridwa uku ndi uku, pakati popanda chochirikiza, imawerama ndi kulemera kwa madzi ake omwe. Msana wake umapanikizana, mimba yake imakokeka. Mng'alu wa pamsana umatseka pakamwa. Wa kumimba umayasamula, ndipo chilichonse chimene mungasanjike pamwamba chimauyasamulitsa. Mng'alu umayenda ndi kunsonga kwake, kosongoka kuja, monga nsalu imene mwaicheka pang'ono m'mphepete, kungokoka yang'ambika mpaka pansi. Lero ukuyenda ngati nkhono, mawa ngati nkhono, koma ukafika pa msinkhu wake sutsanzika, umazungulira paipi yonse munthu asanaphethire. Mankhwala ake alipo. Tsekani madzi. Imikani mzati pansi kuti paipi iwongoke. Boolani kabowo kozungulira kunsonga zonse ziwiri za mng'alu kuti usowe poyendera. Mukatero ndiye muitane wowotcherera, kapena muchotse chidutswa chonsecho. Palibenso njira ina. Amene akuti ilipo sanaikepo mnzake m'manda.

Ine ndinaika. Madala atapita kwawo ndi chifuwa cha mgodi, tcheni china chinaduka pa paipi ya madzi, paipi n'kuwerama pakati. Ndinagogoda, inayankha pha. Palafini ndi choko zinaonetsa mzere kumimba, pafupi ndi polumikizira. Ndinapita kwa mzungu wa shifiti, ndinati bwana titseke madzi. Anandiyang'ana ngati galu wayankhula. Kutseka madzi ndiye kuti makina aima, makina akaima bonasi yake yapita. Anati kulungani mphira, mangani chitsulo cha mabawuti pamwamba pake, mudzakonza Loweruka. Ndinakana. Ananditukwana mayi anga amene sanawaonepo. Longwe ndiye anati, "Usiye wa m'matope, angakuchotse ntchito. Bweretsa sipanala ndimange ine, ndili ndi manja a ukalaliki."

Anagona chagada pansi pa paipi akumanga. Anyamata a matabwa, osadziwa kanthu, anatsamiritsa mitengo yawo pa paipi yomweyo chapatali pang'ono. Ine ndinali nditatembenuka kuti nditenge bawuti. Chimene ndinamva ndi kuphulika, ndipo khutu langa lamanzere linathera pomwepo, mpaka lero. Paipi inaduka ngati nzimbe ija. Mbali imodzi inatsika pachifuwa cha Longwe.

Tinamutulutsa m'madzi ofika m'mawondo. Mzungu uja atafika, funso lake loyamba linali loti madzi ayambanso nthawi yanji. Walahi, ndikunama ndife. Longwe anamuika kumanda a kampani, pachikwangwani analemba nambala ya padzanja ija, dzina ayi. Munthu wodziwa kulemba kuposa mabwana ena! Suti yake ndinainyamula ine mpaka ku Dwambazi, ndinakaipereka m'manja mwa mayi ake. Anainunkhiza, osalira, n'kundifunsa ngati mwana wawo ankadya bwino. Ndinati ankadya bwino.

Ndiye anthu akamati ndimakuwa poyankhula, eya ndimakuwa. Khutu linatsala limodzi, ndipo pansi paja wonong'ona ankafa.

Ndinabwererako ku Joni, kangapo konse. Kontilakiti ikatha ndinkabwera kumudzi, kukhala miyezi, n'kudindanso chala. Musandifunse chifukwa, njala ya kuno mukuidziwa. Ndinatumiza njinga, wailesi, malata, ukonde waukulu. Ulendo woyamba nditafika, Amidu anandiona ndi chipewa changa n'kuthawira kuseri kwa miyendo ya Binali. Tinaseka tonse. Ulendo wina ndinamupeza akupalasa bwato yekha, wamuphunzitsa Binali. Ulendo winanso ndinamupeza ndi ndevu. Njira ya ku Joni itatsekedwa ndinabwereratu, ndi chifuwa chokhosomola ndi nyundo imene ndinaibisa m'bulangete. Malata ndinawapeza theka pa nyumba yanga, theka pa nyumba ya Binali. Ukonde unali wa Binali. Nditafunsa, mkazi wanga anati, "Nanga ankatidyetsa ndani inu muli uko?" Amidu atafuna kukwatira, nkhani yonse anayendetsa ndi amalume ake, monga mwa mwambo wathu, ine anangondiuza tsiku. Mwambo sindikuutsutsa, mwana ndi wa kuchimake. Koma mwanayo ankanditi bambo ngati mmene umaperekera moni kwa mkulu amene wakhala naye pampando umodzi m'basi. Ulemu wonse ulipo, koma mkati mulibe kanthu.

Kenako kunabwera matipate. Aliyense chala m'mwamba, aliyense wandale, ngakhale amene sadziwa kumanga mbedza. Magalimoto a zimkuzamawu ankadutsa kulonjeza nsapato, misewu, zipatala. Bwana wofuna uphungu uja ndiye anabwera ndi injini yopopa madzi ndi mulu wa mapaipi, kuti tizikoka madzi a m'Chia kupita kumunda, tizilima mpunga ngakhale m'chilimwe. Injini inali yabwino, zimenezo sindinama. Koma mapaipi anali otola, kaya anawatola kuti, dzimbiri lokhalokha lopakidwa penti. Anasankha komiti, Amidu wapampando. Ndinanyada, ndinati tsopano mwanayu abwera kudzandifunsa. Ndinapukuta nyundo yanga n'kukhala pakhonde. Sanabwere. M'mudzi monse muno munthu amene wakalambira pansi pa mapaipi ndi ine ndekha, koma anakafunsa osema mabwato ndi ogulitsa usipa.

Pakati pa Chia ndi mindayo pali khwawa, lakuya kupitirira munthu ataima, pansi pake matope. Anangoigoneka paipi kuchokera tsidya lino kufika tsidya ilo, pakati popanda ngakhale mphanda imodzi. Anthu a kuno ataona anati zikomo, tapeza mlatho. Amayi ndi mitolo ya nkhuni, abambo ndi matumba a chinangwa, ena mpaka kunyamula njinga paphewa, onse pa paipi. Atayesa injini kangapo, ndinapita ndekha kukaona. Paipi inali itawerama ngati msana wa nkhalamba. Ndinatsikira m'khwawa. Kumimba kwake, pakatikati, pankadontha madzi, dontho limodzilimodzi, ndi kamzere ka dzimbiri. Ndinagogoda. Pha. Ndinamva fungo la mumgodi pamphuno. Ndinakatenga palafini wa m'koloboyi, choko ndinalibe ndiye ndinawaza ufa wa kondowole. Mzere unatuluka, wautali ngati chikhatho changa, wopingasa mimba ya paipi.

Ndinamupeza Amidu kwake akusoka ukonde. Ndinamuuza zonse, za mzati, za tibowo, za kuletsa anthu kuwoloka.

"Ndamva, bambo," anatero, maso ali pa ukonde.

"Wamva chiyani? Bwereza!"

"Ndamva. Musakuwe, ana akugona. Tikonza bwana asanabwere."

M'mawa mwake ndinamva kugogoda kukhwawa. Ndinathamanga, mtima uli mbee, ndinati mwana wanga wandimvera. Ndinapeza Binali ali chagada pansi pa paipi, chimodzimodzi mmene anagonera Longwe, Amidu akumupatsira zida. Ankachita chiyani? Ankaimata ngati bwato! Anatenga nsanza, kuzipota, n'kumazikhomerera mumng'alu ndi tchizulo. Pomwe mng'alu unakana kulandira nsanza, ankaukanula ndi tizikhomo ta mtengo. Pambali phula likuwira m'chitini.

"Alamu, mukuchita chiyani?"

"Tikutseka pakudontha, alamu. Mwadzuka bwanji?"

"Kudzuka kwanga kusiyeni! Mukuuyasamulitsa mng'aluwo! Chikhomo chilichonse mukukhomacho mukuukankhira kutsogolo!"

Binali anaseka, tchizulo chili m'kamwa ngati ndudu. "Alamu, ine mabwato ndamata kuyambira inu musanaone ndege. Lilipo limene linamira?"

"Bwato ndi mtengo! Mtengo ukamwa madzi umafufuma, n'kuluma nsanzazo wokha. Chitsulo chimamwa madzi? Chinafufumapo chitsulo? Ndiponso bwato limagona pamadzi thupi lonse, iyi ikulendewera ngati mleme!"

"Ndiye za ku Joni zimenezo," anatero Binali akuyang'ana Amidu. "Kuno ndi ku Chia."

Ndinatembenukira kwa mwana wanga. Ndinati Amidu, sankha, wamva mawu anga dzulo. Anayang'ana ine, anayang'ana amalume ake, n'kutola chitini cha phula kuwapatsira. Atamaliza, madzi analekadi kudontha, ndipo Binali anandiyang'ana ngati wapha ng'ona. Madzulo ake anyamata a chipani anabwera kudzapaka paipi yonse penti ya mtundu wa chipani chawo, phula ndi nsanza zonse kubisika. Inawala ngati mkwatibwi. Ndinalavula n'kubwerera kunyumba. Mkazi wanga anati, "Mawa mukakhale chete, bambo ake Amidu, musakamuchititse mwana manyazi." Ndinati ndamva. Nanenso ndimatha kunena ndamva.

Tsiku lija linafika. Dzuwa lili pamutu, amayi akuimba kuti bwana ndi mvula, bwana ndi kasupe. Shehe anachita duwa yake mwachidule. Bwana anayankhula nthawi yaitali, mimba ili patsogolo, nsapato zoyera, akuti nthawi ya mdima yatha, tsopano aliyense ali ndi ufulu woyankhula. Ndinasunga mawu amenewo. Amidu analiza injini, paipi inanjenjemera, madzi anatulukira kumunda, nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Ine ndinali chete, ndikulumbira, ndinali chete ngati mwala, maso anga ali pamimba pa paipi. Pentiyo inali itayamba kutupa pamalo paja ngati chithupsa.

Basi wojambula zithunzi anati zikhala bwino bwana ataima pa paipi penipeni, pakati pa khwawa, ndi wapampando wa komiti, ndi anyamata kumbuyo atakweza manja. Bwana anavomera. Anayamba kuyenda pa paipi atagwiridwa mkono, anyamata akutsatira. Amidu anali m'mphepete, akupukuta manja kuti akwere nayenso.

Pamenepo ndiye ndinakuwa. Ndinakuwa mmene ndinkakuwira pansi pa nthaka makina akulira.

"Tsikani! Tsikani pamenepo nonse, paipiyo ndi yong'aluka!"

Nyimbo inaduka. Mnyamata wina wa malaya olemba anandigwira pachifuwa. "Madala, ndinu a chipani chanji inu?"

"Chipani cha amako! Chotsa dzanja!"

"Awa atumidwa awa," anatero wina. "Akuwawidwa ndi chitukuko."

Bwana anaseka ali pa paipi pomwepo. "Asiyeni agogo ayankhule, ndi ufulu wawo. Agogo, mwadya kale?" Anthu anaseka. Mkazi wanga anaphimba nkhope ndi nsalu ya chipani. Amidu anati chapansipansi, "Bambo, chonde."

Ndinaona kuti pakamwa pokha sandimva. Ndinati mwina chitsulo chikayankhula chokha amva. Ndinatsetserekera m'khwawa, matope mpaka m'akakolo, n'kutulutsa nyundo. Ndinagogoda chakumphepete, kumene kunali kwabwino. Ngweee. Ndinati mwamva? Ndinayenda kufika pakati, pansi pa nsapato zoyera zija. Ndinati tsopano mverani apa. Ndinagogoda kamodzi, pang'onopang'ono, mmene umagogodera chitseko cha apongozi. Pha.

Kanyundo kanga n'kolemera ngati papaya laling'ono. Pamwamba panali bwana wolemera ngati matumba awiri a mpunga, ndi anyamata ake, ndi madzi odzaza paipi, ndi zikhomo za Binali zikukanula mng'alu usiku wonse. Koma akuti ndinaswa ndine. Chabwino.

Ndinamva kulira kwina kochepa, tsee, ngati nsalu ikung'ambika, ndipo ndinakudziwa.  Ndinangoona penti ikutseguka pamwamba pa nkhope yanga. Kenako china chinandikoka kukhosi kwa jekete mwamphamvu, ndinagwa chagada m'matope, ndipo paipi inatsika pamalo pomwe ndinaima. Amene anandikoka anali Amidu. Analumpha liti m'khwawamo, sindinaone.

Madzi anathovoka ngati ng'ombe yaboola khola. Bwana anatsetsereka ndi paipi n'kukhala pansi m'thope mpaka m'chiuno, nsapato imodzi inapita ndi madzi, sinapezeke mpaka lero. Anyamata anagwerana ngati nthochi. Palibe anafa, palibe anathyoka, Mulungu ndi wamkulu. Amayi oimba aja anayamba kuseka, kenako anakumbukira amene anawapatsa nsalu, n'kuyamba kulira. Binali anali kutsidya akukuwa, "Mwaona! Mwaona nonse, wamenya ndi nyundo!" Shehe anangopukusa mutu, n'kunyamula nsapato zake kumapita.

Atamuzula m'thope, bwana uja ufulu woyankhula anauiwala. Anandiloza ndi chala, anati ndine mdani wa chitukuko. Kenako anatembenukira kwa Amidu, pamaso pa anthu onse. Anati, "Iwe wapampando, walephera kulamulira bambo ako, ungalamulire madzi? Ndikubweranso Lachisanu likudzali. Ndikapeza madzi sakuyenda, injini ndikukweza pa lole, ndikapereka kwa anthu a ku Kanyenda, oyamika." Anakwera galimoto ndi phazi limodzi losavala.

Nazale za mpunga zinali zitafesedwa kale, mabanja ambiri anathira mbewu yawo yomaliza podalira madzi amenewo. Ndiye mukudziwa mmene anandiyang'anira anthu pobwerera. Palibe anandifunsa ngati ndavulala. Komiti inabalalika tsiku lomwelo, aliyense akuti ine ndinangolembedwa dzina. Binali anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi mtengo wa bwato woti akauone kuphiri. Mkazi wanga anangondiikira madzi osamba. Nyundo yanga inatsala m'thope, ndipo sindinapite kukaifuna. Ndinakhala pakhonde ndikuganiza kuti ndinapita ku Joni kukaona mzungu akupha munthu ndi mphira, ndabwera kwathu kudzaona abale anga akufuna kudzipha okha ndi nsanza ndi penti, ndipo m'malo monse muwiri wolakwa ndi amene wanena. Ndinanyansidwa mpaka malovu kuwawa. Amidu sanabwere tsiku limenelo, ngakhale m'mawa mwake. Ndinati basi, anandikoka m'khwawa monga akanakokera munthu aliyense, ngakhale mbuzi.

Anabwera dzuwa litapendeka, ndikuchokera kumzikiti. Anali ndi matope mpaka m'mawondo, mapewa atasupuka ndi kunyamula mitengo. M'manja anali ndi nyundo yanga, yotsukidwa bwino. Sanakhale pampando umene ndinamukankhira. Anazungulira n'kudzaima mbali ya khutu langa lamoyo, chinthu chimene sindinkadziwa kuti amachidziwa. Anaika nyundo pamwendo panga, n'kunena kuti:

"Ndadula mphanda zitatu, zili pakhwawa. Chidutswa china cha paipi chinatsala kuseri kwa injini, sindikudziwa ngati chili chabwino, mukachigogode ndinu. Nsanza zija ndinakhoma chifukwa ndi zimene ndinaphunzitsidwa, ndipo anandiphunzitsa ndi amene analipo. Inu munali ku Joni. Mawa mukapemphera mubwere mudzandionetse zanuzo, tatsala awiri. Koma mudzandiuze pang'onopang'ono, bambo. Ine si wogontha, ndakhala ndikudikira kumva."